Kuliza, Kumva ndi Manyazi: Mawu Ophunzitsira Kuimba Pakati pa Acheŵa a ku Chitungwiza

1. Chiyambi

Pepala lino likufotokoza za mawu amene mphunzitsi wa zoimbaimba amagwiritsa ntchito pofuna kuti wophunzira wake aimbe mogwira mtima, ndiponso mawu amene wophunzirayo amatchulira chimene chimamgwira akaima pamaso pa anthu. Ena angadabwe kuti nkhani yotere ikufunanji pa msonkhano wa akatswiri a ziyankhulo. Yankho langa ndi lakuti zinthu ziŵirizi siziphunzitsika ndi zala zokha. Pogwira nsambo ya gitala, mphunzitsi angathe kungoloza, mwana n'kutsanzira. Koma pofuna kunena kuti nyimbo yatuluka youma, kapena pofuna kulimbitsa mwana amene mawondo ake akuombana, ayenera kutsekula pakamwa, ndipo mawu amene asankhe ndiwo adzaumbe maganizo a mwanayo.

Zitsanzo zanga ndazitenga ku Unit K, limodzi mwa madera a Seke mu mzinda wa Chitungwiza, kumwera kwa Harare. Mzindawu unakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo pa kalembera wa mu 2022 munapezeka anthu oposa 370,000. Pakati pawo pali zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, ambiri mwa iwo osabwereranso, aja kwathu timawatcha matchona. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amaŵerengera Chicheŵa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, komabe m'nyumba zambiri za anthu ameneŵa chimene chimamveka masiku onse ndi Chishona. Chicheŵa chimatulukira pamaliro, kudambwe, kumapemphero ena, ndi m'nyimbo.

Mbali ya nyimboyi si yaing'ono. Chamba cha sungura, chimene dzina lake ndi la Chiswahili lotanthauza kalulu, chinakula kwambiri m'manja mwa ana a matchona. Nicholas Zakaria, wobadwa mu 1956 ku Mazowe, anatsogolera gulu la Khiama Boys kuyambira mu 1984, ndipo oimba ambiri anadutsa m'manja mwake, kuphatikizapo System Tazvida ndi Alick Macheso, kotero kuti anthu anampatsa dzina lakuti Senior Lecturer. Macheso, wobadwa mu 1968, anatulutsa chimbale chake choyamba ndi gulu la Orchestra Mberikwazvo mu 1998, ndipo nyimbo yake ya Chicheŵa yotchedwa Mundikumbuke, ya pa chimbale cha Simbaradzo cha mu 2000, inavinidwa ndi anthu amene sanamvepo Chicheŵa ndi kale lonse. Dzina lija la Senior Lecturer likutiuza kanthu: anthu a ku Chitungwiza amazindikira kuti m'mabwalo oyesera nyimbo mumachitika maphunziro enieni, ngakhale mulibe bolodi ndi choko.

Ine ndinaona maphunziro otere kuseri kwa nyumba ina ku Unit K, kumene ndinafikira kwa abale. Mkulu wina wobadwira pafamu, amene makolo ake anachokera ku Dedza, ankasonkhanitsa anyamata ndi atsikana Loŵeruka masana n'kumawaphunzitsa gitala ndi kuimba. Anawo ankamutchula kuti agogo, ena sekuru. Iye ankayankhula nawo Chishona, koma akafika pa nkhani ya kukoma kwa nyimbo ankatembenukira ku Chicheŵa osazindikira n'komwe. Kutembenuka kumeneku ndiko kunandichititsa chidwi.

2. Kuimba ndi kuliza

M'Chingerezi, m'Chifalansa ndi m'Chijeremani, mneni wonena za kugwiritsa ntchito choimbira ndi yemwe uja wonena za maseŵera a ana. M'Chiswahili ndi -piga, kumenya. Chicheŵa chili ndi aneni aŵiri oyenera kuwapenda. Woyamba ndi -imba, amene sasiyanitsa pakamwa ndi chida: timaimba nyimbo, timaimba gitala, timaimba ng'oma, timaimba belu, ndipo masiku ano timaimba foni. M'Chishona -imba ndi wa pakamwa pokha. Motero kwa Mcheŵa gitala ndi mlomo wachiŵiri wa munthu, ndipo sizodabwitsa kumva mphunzitsi akufunsa mwana kuti kodi gitala lakelo likunena chiyani.

Wachiŵiri ndi -liza, ndipo pameneyu ndikufuna kukhalitsapo. Taonani zitsanzo izi:

(1) a. Mwana akulira.
b. Tambala akulira.
c. Ng'oma ikulira.
d. Mnyamata waliza mwana.
e. Mnyamata waliza ng'oma.

Mneni -liza ndi msintho wochititsa wa -lira, wochokera ku muzu wakale wa Chibantu *-did-. Mphatikira wochititsa wakale uja, amene anali lembo laliwu lothina, ndiye anasandutsa lembo lomaliza la muzu kukhala z. Mnzake m'Chishona ndi -ridza, wochokera ku -rira, ndipo kusiyana kwa z ndi dz kumeneku tikukupezanso mu mkazi ndi mukadzi, mwezi ndi mwedzi. Mpaka pamenepa ziyankhulo ziŵirizi zikuyendera limodzi. Zimasiyana pa tanthauzo. M'Chishona cha ku Harare tambala ndi ng'oma zimachita -rira, koma mwana akamatulutsa misozi amachita -chema. Ndiye kuti kwa mwana wokulira m'Chishona, kuridza gitare kulibe chibale chilichonse ndi misozi. Kwa Mcheŵa chibalecho chikadali chamoyo, pakuti zitsanzo (1d) ndi (1e) zili ndi mneni mmodzi yemweyo.

Mkulu wa ku Unit K uja ankatsamira kwambiri pa chibale chimenechi. Mwana akamaliza nyimbo popanda kuphonya nsambo ndi imodzi yomwe, iye ankavomera kuti waimba, koma n'kukana kuti waliza. Anawo poyamba ankaona ngati akungoseŵera ndi mawu, chifukwa iwo ankamasulira aneni onse aŵiri kuti kuridza. Anayenera kuyamba waphunzira kuti -lira ndi -chema yemwe, ndipo pamenepo m'pamene anamva chimene agogo awo ankafuna. Kunena zoona, apa phunziro la nyimbo linasanduka phunziro la chiyankhulo, ngakhale panalibe amene analitchula choncho. Ndionjezere kuti mawu akuti kuseŵera gitala, amene tayamba kuwamva pa mawailesi a ku Malaŵi, amataya zonsezi, ndipo ine sindikuwaona phindu lake.

Mneni wina amene amasenza katundu wolemera ndi -mva. Timamva mawu, timamva njala, timamva fungo, timamva chisoni, timamvanso Chicheŵa. Chishona chili ndi -nzwa amene amayenda chimodzimodzi, choncho pano panalibe chovuta. Mphunzitsi akafunsa kuti "wamva?", wafunsa mafunso atatu nthaŵi imodzi: ngati khutu lalandira, ngati mutu wazindikira, ndi ngati mtima wakhudzidwa. Mabuku ophunzitsira nyimbo a ku Ulaya amalimbana kwambiri pofuna kulumikiza zitatuzi. Ife mneni wathu anazilumikiza kale.

3. Mvekero

Ku sukulu zophunzitsa nyimbo za pamapepala, monga Zimbabwe College of Music ku Harare, wophunzira amakumana ndi mawu a Chitaliyana: piano, forte, crescendo, dolce, legato. Mawuŵa ndi othandiza pakuti ndi ofanana dziko lonse lapansi, koma kwa mwana wa ku Seke ndi zizindikiro chabe zoloŵeza pamtima. Amadziŵa kuti dolce akutanthauza mokoma, koma liwulo palokha silimkomera m'khutu.

Chida chimene mphunzitsi wa kuseri kwa nyumba ali nacho m'malo mwake ndi mvekero. C. M. Doke ndiye anakhazikitsa tanthauzo la gulu la mawu limeneli m'maphunziro a ziyankhulo za Chibantu mu 1935, ndipo George Fortune analemba za mvekero za m'Chishona mu 1962. Dzina lathu la Chicheŵa ndi loyenera kuposa la Chingerezi, chifukwa likuchokera ku -mveka, msintho wa -mva uja. Nazi zina mwa zimene ndinamva:

(2) a. Uyambe kuti phee, usachite kugwera.
b. Apa besi iyende kuti di di di.
c. Mawu atsetsereke kuti myaa.
d. Onse muloŵe kuti waa, kenaka zii.

Chimene chikuchitika m'ziganizo izi n'chakuti liwu lolangiza likuchita lokha chimene likulangiza. Mphunzitsi ponena myaa amakoka lembo laliwu kutalika komwe akufuna kuti nsambo ikokedwe. Ponena di di di amadula mawu ndi kuwatsitsa. Ponena phee amatsitsa mpweya. Mvekero imalola kukokedwa, kubwerezedwa, kukwezedwa ndi kunong'onedwa mosamangika ndi malamulo amene amamanga aneni ndi maina, motero liwu limodzi limanyamula liŵiro, mphamvu ndi kadulidwe ka mawu pamodzi. Liwu lakuti legato silisintha ngakhale mutalinena mokalipa.

Gerhard Kubik, amene anagwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kuyambira mu 1967, analemba zambiri za maphatikizo amene oimba a mu Africa amagwiritsa ntchito posunga ndi kuphunzitsa kagundidwe ka ng'oma. Zimene ndikunena pano ndi zachibale ndi zimenezo koma si zomwezo. Maphatikizo aja amauza wophunzira choti aombe ndi nthaŵi yoombera. Mvekero imamuuza mtima woombera.

Pali umboni wochokera kwina wosonyeza kuti njira imeneyi si yongopeka. Mu 2003 Patrik Juslin ndi Petri Laukka anasanthula kafukufuku 104 wa mmene liwu la munthu limaonetsera zakumtima, ndi kafukufuku 41 wa mmene oimba amaonetsera zomwezo, ndipo anapeza kuti zizindikiro zake ndi zofanana kwambiri: chisoni chimayenda pang'onopang'ono ndi motsitsa, mkwiyo umathamanga ndi kukweza, m'kuyankhula ndi m'kuimba momwe. Ngati zili choncho, mphunzitsi amene amayamba wauza mwana kuti ayankhule mawu a nyimbo asanawaimbe ali pa njira yoongoka. Mkulu uja ankachita zimenezi nthaŵi zonse, ndipo m'Chicheŵa phindu lake ndi loŵirikiza. Choyamba, kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo, monga mu mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena ndímathandíza wa masiku onse ndi ndimathándiza wa nthaŵi yapita. Nyimbo sizitsata kamvekedwe kameneka paliponse, koma woimba amene sakudziŵa n'komwe kuti kalipo amamveka mlendo. Chachiŵiri, phatikizo lotsatana ndi lomaliza limakokedwa pamathero a kagulu ka mawu, monga anasonyezera Jonni Kanerva mu 1990, ndiponso Laura Downing ndi Al Mtenje mu 2017. Mwana amene wayankhula mzere wa nyimbo molondola wapeza kale malo opumira.

4. Mantha ndi manyazi

Tsopano tifike pa chimene chimagwira wophunzira akaima pamaso pa gulu. Zimene zimachitika m'thupi n'zodziŵika. Thupi likaona ngati pali choopsa limathira adirenalini m'magazi, mtima umathamanga, mpweya umafupika, m'manja mumatuluka thukuta, kukamwa kumauma, minofu ing'onoing'ono ya zala imakungika. Zonsezi n'zothandiza kwa munthu wothaŵa chilombo, koma n'zosokoneza kwa wogwira nsambo. Sizisankha wophunzira yekha. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 1988 wa oimba 2,212 a m'magulu aakulu a ku America, 24 mwa 100 alionse anati vutoli ali nalo, 16 anati ndi lalikulu, ndipo 27 anali atamwapo mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima pofuna kulithetsa.

Chingerezi chimakulunga zonsezi m'dzina limodzi lotchula mantha ndi nsanja. Chicheŵa chilibe dzina limodzi lotere, ndipo sindikuganiza kuti tiyenera kuthamangira kulipanga. Chili ndi mantha, nkhaŵa, nthumanzi, chinthenthe ndi manyazi, ndipo kamangidwe ka ziganizo zake n'kophunzitsa:

(3) a. Ndikuopa anthu.
b. Ndikuchita mantha.
c. Mantha andigwira.
d. Ndinangoti kakasi, miyendo ili njenjenje.

Mu (3a) muli chinthu choopedwa chimene mphunzitsi angathe kuchifunsa: ndani kwenikweni pakati pa anthuwo? Mu (3b) woyankhula ndiye mwininkhani, ndipo mneni wake ndi -chita. Mu (3c) mantha ndiwo mwininkhani, woyankhula wasanduka wogwidwa. Ndinaona kuti ana akamafotokoza tsiku limene zinthu zinawavuta kwambiri ankasankha (3c) kapena (3d), ndipo mkulu uja ankawabweza ndi funso la mtundu wa (3a). Mwana akatchula kuti amene amamuopa ndi azakhali ake okhala kutsogolo, kapena anyamata a kusukulu kwawo, chinthu chija chimene chinali ngati mtambo chinkasanduka anthu aŵiri kapena atatu oŵerengeka.

Koma mfundo yanga yaikulu ndi yakuti kaŵirikaŵiri chimene chagwira mwanayo si mantha ayi, ndi manyazi, ndipo mankhwala a ziŵirizi ndi osiyana. Mantha ndi oipa paliponse. Palibe kholo limene limanyadira mwana wamantha. Manyazi ndi ena. Kunena munthu kuti alibe manyazi n'kumunyoza kwakukulu. Mwana woleredwa bwino amazolika pamaso pa akulu, sakweza mawu, sadzionetsera, ndipo mkamwini amachita manyazi ndi apongozi ake. Chishona chimagwirizana nafe: dzina lake ndi nyadzi, z ndi dz zija zabweranso, mneni wake ndi -nyara, ndipo anthu oyenera kuwapatsa ulemu wapadera, monga apongozi, amatchedwa vanyarikani. Tsono mphunzitsi akauza mtsikana wa zaka 14 kuti achotse manyazi, ayang'ane anthu m'maso, akweze mawu, wamuuza kuti avule chimene amayi ake akhala akumuveka chibadwire. Mtsikanayo akakanika, ife timati ali ndi mantha, pamene iye akungosunga mwambo pamalo pamene mwambowo sukufunika.

Makolo athu vutoli anali nalo njira yake. Pabwalo, ng'oma ndi imene imapereka chilolezo. Mayi yemwe uja amene sangayankhule mokweza pamaso pa mfumu amavina chimtali kapena chisamba mosadzimvera chisoni, ndipo palibe amene amati alibe manyazi, chifukwa onse akudziŵa kuti nthaŵi yake ndi imeneyo. Komanso pabwalo palibe amene amaima yekha. Wotsogolera nyimbo amaponya mzere, anzake n'kuvomera, ena akuomba m'manja, ena nthungululu, wina akuloŵa kudzafupa. Thomas Turino, amene anafufuza nyimbo za ku Zimbabwe, anasiyanitsa m'buku lake la mu 2008 kuimba kumene onse amatengako mbali ndi kuimba kumene ena amangoonerera. Chinthenthe chimene tikunenachi ndi mwana wa mtundu wachiŵiriwu: nsanja yokwera, mipando yondanda, ndi anthu ali duu kudikira kuti aŵeruze. Ndi chifukwa chake, m'kuganiza kwanga, Chicheŵa sichinafune dzina lake.

Kwa ana a matchona pali manyazi enanso apamwamba pa ameneŵa. Maina onyoza monga mabhurandaya, lochokera ku dzina la Blantyre, akhala akumveka m'matauni a ku Zimbabwe kwa zaka zambiri, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri mwa anthu ameneŵa opanda dziko mpaka pamene malamulo a mu 2013 anayamba kukonza zinthu. Mwana amene wakula akubisa chiyankhulo cha agogo ake kusukulu, akauzidwa kuti aimbe m'chiyankhulo chomwecho pamaso pa anzake, ndiye kuti wauzidwa kuti aulule chimene wakhala akubisa. Mtsikana wina pa gulu lija ankaimba nyimbo za Chishona kutchalitchi popanda vuto, koma atapatsidwa ya Chicheŵa pa ukwati wina mawu anamuthera pa mzere woyamba. Zala ndi mapapo zinali zomwezo. Kumuphunzitsa kapumidwe sikukanafika pamene panali chilonda. Apa m'pamene ntchito ya Zakaria ndi Macheso ili yofunika kwa ife a ziyankhulo, pakuti iwo anaika Chicheŵa pa nsanja zazikulu, anthu n'kumalipira pakhomo kuti akachimve.

5. Zimene mphunzitsi anganene

Langizo limene limabwera msanga pakamwa pa Mcheŵa aliyense ndi lakuti khazika mtima pansi. Ndi mawu abwino, ndipo kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsadi kuthamanga kwa mtima. Komabe mu 2014 Alison Wood Brooks anasonyeza kuti ngakhale anthu ambiri amakhulupirira kuti kudzikhazika pansi ndiyo njira yabwino, anthu amene ananena mokweza kuti ali excited asanaimbe kapena asanayankhule pagulu anachita bwino kuposa anzawo. Chifukwa chake n'chomveka. Mtima wothamanga ndi wovuta kuuimitsa m'mphindi ziŵiri, koma n'chapafupi kuupatsa dzina lina, pakuti thupi la munthu wamantha ndi la munthu wolakalaka chinthu zimachita zofanana.

Funso la ife ndi lakuti liwu limenelo tilinena bwanji. Ndasangalala sakukwana, chifukwa chisangalalo chingathe kukhala chodekha. Ndikuganiza kuti yankho lili m'mvekero ndithu:

(4) a. Mtima uli m'mwamba.
b. Mtima uli dyokodyoko.

Ziganizo zonse ziŵiri zikunena za mtima wosakhazikika, koma (4a) ndi mtima wodikira choipa, pamene (4b) ndi mtima wa mwana amene akuona basi ya amayi ake ikufika. Mphunzitsi amene wagwira dzanja lonyowa la wophunzira wake n'kumuuza kuti mtima uli dyokodyoko eti, sanam'namize, ndipo sanamuuze kuti asiye kumva chimene akumva.

Mkulu wa ku Unit K sanaŵerengepo Brooks, koma anali ndi njira zake zitatu. Sankalola mwana kuima yekha koyamba: ankayamba ali m'gulu la ovomera, kenaka n'kupatsidwa mzere umodzi wotsogolera, kenaka ndime. Ankayesera nyimbo chitseko cha mpanda chili chotsekula, kuti odutsa m'njira azisuzumira ndipo maso a anthu asakhale achilendo. Yachitatu ndiyo ya ife a galamala. Masiku onse ankaitana anawo kuti iwe, monga agogo aliyense achitira, koma tsiku loimba pagulu ankawaitana kuti inu, ndi mgwirizanitsi wake yemwe: mwakonzeka, loŵani, tiimbireni. Chishona chili ndi iwe ndi imi, choncho anawo ankamva bwino lomwe chimene chachitika. Munthu amene mkulu wamutchula kuti inu wapatsidwa malo a munthu wamkulu, ndipo wamkulu akaimirira pabwalo n'kukweza mawu sanaphwanye mwambo uliwonse.

Mtsikana uja anayesanso pa ukwati wina patapita miyezi ingapo, ndipo ulendo umenewu agogo ake anakhazika amayi atatu achikulire kutsogolo, odziŵa nyimboyo, kuti avomere akangoponya mzere woyamba. Anaimaliza. Atafunsidwa pambuyo pake ngati anachita mantha, anayankha m'Chishona kuti ayi, ndipo mneni amene anagwiritsa ntchito pofotokoza za tsiku loyamba lija anali -nyara, osati -tya.